Mbale Yobooledwa ndi Msomali

1. Makina a Sandro

Makina ofufuzira zitsulo anafika pakhomo pa a Caetano, ku Tsangano, ndi mwana wawo wamkulu Sandro, amene amagwira ntchito ku Tete. Anali ndodo yaitali yokhala ndi chinthu chozungulira kumunsi ndi kabokosi kumtunda. Ukamayendetsa chozunguliracho pamwamba pa dothi, kabokosiko kamalira kakamva chitsulo pansi.

Sandro anabwera nawo kuti apeze golide. Tchuthi chonse anapeza misomali, zivindikiro za mabotolo ndi sipanala yake yomwe imene anataya chaka chatha. Pobwerera ku Tete anawasiya kuseri kwa chitseko osawatchulanso.

Mlongo wake Paulina, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndiye anawatola. Iye golide analibe naye ntchito. Chimene chinkamusangalatsa chinali kufunsa. Akafukula chinthu, ankachitsuka n'kupita nacho kwa akuluakulu kuti amuuze mwini wake ndi chimene chinachifikitsa pansi.

Mwanjira imeneyi anadziwa kuti pothawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, anthu ankakwirira katundu amene sakanatha kusenza. M'katoni yake munali maeskudo, ndalama zachitsulo zachitsamunda, belu la njinga, simbi ya makala ndi khasu losula pamanja. Aprofesori Gilberto, aphunzitsi a kusikola kwawo, ataziona, anati adzazionetse pa Dia da Paz, tsiku lokumbukira mtendere.

Bambo ake sanamuletse, koma tsiku lina anamukhazika pansi.

"Tamvera, Paulina," anatero a Caetano. "Iwe unabadwa mfuti zitaleka kalekale. Nkhondo umaidziwira m'buku. Ife titabwerera kuno kuchokera ku Malawi, tinkaopa njira ya kuchitsime kwathu komwe. A Policarpo aja ukuwaona akuyenda ndi ndodo ziwiri sanavulale kunkhondo ayi. Anavulala mtendere utabwera, akupita kukafukula makina osokera amene anakwirira okha. Ochotsa mabomba anadutsa, inde, ndipo anati dziko layera. Koma anali anthu, ndipo anthu amaphonya.

"Ndiye uzikumba pokhapokha pamene khasu ladutsa kale. Usapite kumilatho yakale, kapena kumene kunali misasa ya asilikali. Ukaona chitsulo chozungulira, kapena kawaya kotulukira, usagwire, usaitane mnzako kuti adzaone. Ubwerere chambuyo ukuponda mmene unaponda. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

Anamvadi. Koma m'chenjezo lonselo munalibe mawu onena za mbale.

2. Kumunda wa kumtunda

Loweruka lina m'mawa, mu Setembala, Paulina anakwera kumunda wa kumtunda ndi mnzake Faith. Munda umenewu unali mphanje imene a Caetano anaswa posachedwa m'munsi mwa phiri, nthaka ya munda wawo wakale itaguga. Kachewere wa kumeneku ankakula ngati zibakera, ndipo ndi amene ankadyetsa banja lonse. Tsopano anali atakumbidwa, mizere yatsopano ikudikira mvula.

"Lero ukapezanso msomali, ndikunenera kwa aprofesori kuti akupatse diploma ya ukalipentala," anatero Faith.

"Iwe nyamula khasu, mana. Pakamwa usiyire makina."

Pafupi ndi mwala waukulu wa pakati pa munda, kabokosi kanalira mokweza kuposa masiku onse. Paulina anagwada m'khwawa la pakati pa mizere n'kuyamba kupala. Anadutsa pamene khasu limafika, nalowa m'dothi lofiira lolimba limene mvula inakokolola kuphiri. Dzenje litafika m'chigongono, zala zake zinakhudza chinthu chozizira.

Anachotsa dothi pang'ono. Panaoneka mkombero wa chitsulo, wopindika.

"Paulina," ananong'ona Faith. "N'chozungulira."

Onse awiri anauma. Dzanja la Paulina linali likadali m'dzenje, ndipo sankadziwa ngati kulichotsa kunali kwabwino kuposa kulisiya.

"Bambo ako anati chambuyo," anatero Faith. "Ine sindikukumbuka mmene ndinaponda. Ndinaponda ponseponse!"

Kenaka kadothi kanagumuka kokha. Pansi pake panaoneka poyera, ndi kaduwa kofiira kojambula.

Paulina anapuma. "Unamvapo za bomba la maluwa?"

Anaseka mpaka misozi. Chinthucho chinali mbale yachitsulo yopaka zoyera, ya maluwa m'mphepete, ngati zija za agogo akale. Inali yovundikira. Pakati penipeni panali bowo.

"Chipolopolo!" anatero Faith. "Epa, aprofesori akomoka ndi chimwemwe."

Paulina analiyang'anitsitsa bowolo. "Nada, ayi. Chipolopolo chikanaiphwanya. Taona, ili ndi la makona anayi. Munthu anakhomapo msomali, mosamala, pakati ndendende."

"Ankafuna sefa."

"Sefa ya bowo limodzi?"

"Ndiye anali waulesi."

Funsolo linamukondweretsa Paulina kuposa mbaleyo. Ndani angaboole mbale yabwinobwino nthawi ya nkhondo, pamene mbale sinkagulika? Anasiya makina pamthunzi wa mwala kuti adzapitirize madzulo, n'kutsika ndi mbale m'manja. Kunyumba anaitsuka ndi mchenga ndi sopo mpaka maluwa onse anaoneka, n'kuiyanika pathandala pamodzi ndi mbale za pakhomo.

3. Pathandala

Amayi ake anabwera kudimba masana, mtolo wa ndiwo pamutu. Atafika pathandala anaima. Mtolo unagwa, koma sanautole.

"Iyi yachokera kuti?"

"Ndaifukula kumtunda, amama. Taonani maluwa akewo."

"Waigwira ndi manja? Waisakaniza ndi mbale zodyera ana?" Anatembenuka. "Abambo a Sandro! Tabwerani kuno msanga!"

A Caetano atafika, anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatola timitengo tiwiri, n'kuipana, n'kuiika pansi kutali ndi khomo.

"Inali chagada kapena chovundikira?"

"Chovundikira."

Amayi ake anagwira pakamwa.

"Khala pansi," anatero a Caetano. "Iwe wakula ukuona manda a simenti ndi mitanda yolemba mayina. Kale sizinali choncho. Munthu akaikidwa, ankatenga mbale yake yodyera, kapena kapu yake, n'kuiboola pansi kuti wina asadzadyerenso, n'kuivundikira pamtumbira. Chimenecho ndicho chinali chizindikiro. Nthawi ya nkhondo, amene anatsala kuno ankabisala m'mapiri. Wina akamwalira sankapita naye kumanda, chifukwa njira zinali ndi mabomba. Ankamuika pomwepo, mwachangu, popanda nyimbo. Mtumbira umaphwa, udzu umamera. Chotsala ndi mbale."

Paulina anayang'ana manja ake. Ankanunkhirabe sopo.

"Ndiye kuti ndinakumba pa…"

"Usatchule. Ife ndife akhristu, za mizimu sitiopa," anatero bambo ake, uku akupukuta zala pabuluku ngakhale kuti mbaleyo sanaikhudze. "Chimene ndikuopa ndi anthu. Izi zikamveka, anyakwawa abwera, adzukulu abwera, ndipo pamanda salimapo. Munda wakale wa kumunsi uja ukuudziwa, chimanga chimafika m'chiuno. Mbewu ya kachewere yaphuka kale m'nyumbamu, mvula ili pafupi. Ndiponso tandiuza, a malole ogula kachewere aja akamva kuti kachewere wa Caetano amamera pamanda, adzaimanso pano?

"Ine poswa mphanje ija sindinkadziwa kanthu, Mulungu akuona. Ndipo mwini wake sitikumudziwa. Angakhale msilikali wa kutali, angakhale munthu wodutsa. Palibe amene akumufuna. Tenga thumba, ukaibwezere mmene unaipezera, ukwirire bwinobwino dzuwa lisanalowe. Unaichotsa ndiwe, ukaibwezere ndiwe. Mnzako uja umuuze atseke pakamwa. Pronto, basi."

"Chabwino, ababa."

Amayi ake anali atayamba kale kutsukanso mbale zonse za pathandala, ngakhale zimene zinali kutali.

4. Madontho awiri ndi mzere

Paulina anapeza Faith akutunga madzi pamjigo ndipo anamufotokozera zonse. Faith anasiya ndowa n'kusamba m'manja kawiri.

"Ndipo ine ndinati sefa," anatero. "Mulungu andikhululukire. Ili m'thumbamo? Usandiyandikire nayo!"

"Tandithandiza kaye. Poitsuka ndinaona utoto kunsi kwake, koma sindinalabadire."

Anatsegula thumba n'kuitembenuza ndi kamtengo. Kunsi kwa mbaleyo, pambali pa bowo, kunali utoto wobiriwira wofwifwa: madontho awiri ndi kamzere pansi pake.

Mtsikana aliyense wa m'mudzimo amazidziwa zizindikiro zotere. Pamaliro ndi paukwati nyumba iliyonse imabwereketsa mbale, ndipo kuti zisasokonezeke, mayi aliyense amapaka chizindikiro chake kunsi. Otsuka ndi ogawa mbalezo pomaliza ndi atsikana. Paulina anali atagawapo kambirimbiri.

Anayang'anana.

"Madontho awiri ndi mzere," anatero Faith pang'onopang'ono. "Mbale za a Josefina."

A Josefina anali mayi wokalamba wa tsidya lina la mtsinje, wa banja la oweta ng'ombe. Nkhani yawo inkadziwika ndi aliyense. Pothawa nkhondo, mwana wawo Lázaro, amene anali mnyamata, anatsala kuti alondole ng'ombe kudzera m'mapiri n'kuwapeza ku Malawi. Sanafike. Ena ankati anatengedwa ndi asilikali, ena ankati anamuona ku Beira ali ndi mkazi ndi ana. A Josefina anakana kulira maliro. Mpaka lero, mlendo akatsika shapa, minibasi ya kuno, pamsika wa Tsangano, amamufunsa kumene wachokera ndi anthu amene wakumana nawo.

"Bambo anati palibe amene akumufuna," anatero Paulina.

"Bambo ako anatinso ukwirire. Paulina, ukapita kumeneko, munda wapita. Mudzadya chiyani? Simbi yako ija?"

"Nanga Lamulungu kutchalitchi ndikawapatse moni bwanji a Josefina?"

"Ngati mmene umawapatsira! Ine usandilowetsemo. Sindinaone kanthu, sindinapite kumtunda, ndipo iweyo sindikudziwa."

Faith anasenza ndowa yosadzaza n'kuchoka mofulumira.

Kupitirira mjigo njira imagawikana. Ina imakwera kuphiri, ina imatsikira kumtsinje. Paulina anaima pamenepo, thumba analigwirira kutali ndi thupi. Anayamba kukwera. Atafika pa mtengo wa pichesi wa m'malire a munda wa kumunsi, anaona mapesi ake oonda aja ali mbwee. Anaimanso.

Kenaka anabwerera, n'kutsikira kumtsinje.

5. Kwa a Josefina

Anawapeza pambali pa khola akupeta nyemba.

"Odi, agogo."

"Lowa, mwana wa a Caetano. Nkhope yatuwa bwanji? Kwagwanji kwanu?"

Paulina anagwada. Anangotsegula thumba n'kulikankhira patsogolo.

A Josefina sanafune timitengo. Anaitenga ndi manja awiri, n'kuyang'ana maluwa, n'kuitembenuza. Anapukuta utotowo ndi chala chachikulu. Kenaka anapisa kachala m'bowo muja, n'kukhala choncho. Nkhuku zinayamba kujompha nyemba za m'lichero, iwo osaziingitsa.

"Waipeza kuti?"

"M'munda mwathu, agogo. Kumtunda. Inali yovundikira."

"Zinali zinayi," anatero a Josefina, mawu ali phee. "Bambo ake anazigula ku Furancungo. Tsiku lothawa ndinamusiyira imodzi, ndi kamphika, ndi bulangete. Ndinati, ukafika undibwezere mbale yanga, usakaitaye kuthengo. Anaseka."

Anaiika pamiyendo.

"Ukudziwa chimene ndakhala ndikuchita zaka zonsezi, mwanawe? Ndakhala ndikumukwiyira. Ndinkati mwana wanji amene amakwatira ku Beira osatumiza ngakhale moni kwa amake. Pena ndinkamutukwana ndikukama ng'ombe. Kani ali pompano, phiri lake ndikuliona ndili pakhomo panga."

Paulina anayamba kulira. "Pepani, agogo. Sindinkadziwa. Ndinkayesa katundu wokwirira."

"Leka kulira, umve. Inu ana mukufukula zinthu n'kumati mbiri, mbiri. N'zabwino, fufuzani. Koma zinthu za m'nthaka ino si zakale ayi. Eni ake tikadali moyo, tikupita nanu tchalitchi chimodzi. Belu la njinga limene unandionetsa tsiku lija linali la munthu amene ana ake ali pamsika pompa. Ukafukula chinthu, usathamangire kuchitsuka. Uyambe wafunsa kuti, kodi chimenechi akuchilira ndani? Lero wafunsa mochedwa, koma wafunsa. Bambo ako akudziwa kuti wabwera kuno?"

"Ayi. Anati ndikakwirire."

"Mhm." A Josefina anadzuka, n'kumanga chitenje molimba, n'kukulunga mbale ija m'mpango wa kumutu. "Tsogola."

6. Pamwala

Anafika kumtunda dzuwa litapendeka. A Caetano anali kale pomwepo, ataima pambali pa dzenje, khasu paphewa. Anali atabwera kudzaona chimene chikumuchedwetsa mwana. Ataona amene akubwera m'mbuyo mwake, nkhope yawo inagwa.

"Paulina. Ndinakutuma kuti?"

"Ababa, kunsi kwake kuli…"

"Ndakufunsa kuti ndinakutuma kuti!"

"Mufunse ine, a Caetano," anatero a Josefina akupuma mwabefu. Anamasula mpango n'kuwaonetsa utoto uja. "Chizindikiro ichi akazi anu akuchidziwa. Pamaliro a mayi anu munadyera mbale zake."

A Caetano anayang'ana utotowo, n'kuyang'ana dzenje. Anatsitsa khasu pang'onopang'ono. Anavula chipewa.

"Amake Lázaro," anatero. "Sindinkadziwa. Ndalima pano, ndaponda pano, ndadyera pamwala uwu."

"Sindikukuimbani mlandu. Simunamuike ndinu."

A Josefina anagwada pambali pa dzenje n'kuika chikhatho padothi lofiira lija. Sanalire mokweza. Anangouza mwana wawo kuti, "Ndabwera, bambo."

A Caetano ankapotokola chipewa m'manja. Maso awo ankayenda m'mizere yatsopano, kuchokera kumwala mpaka kumalire.

"Mawa ndipita ndekha kwa anyakwawa," anatero pomaliza. "Malo ano ndiwasiya, amayi. Kuyambira pamwala mpaka apa, ndizika mitengo kuzungulira, khasu silidzadutsanso. Kwinaku… kwinaku mwina akuluakulu adzandilola. Ndili ndi ana."

Kenaka a Caetano anatembenukira kwa mwana wawo.

"Paulina, makina ako ali apo. Yatsa. Uyende mozungulira, tione ngati pali kamphika kapena china chake, tidziwe pozika mitengo. Usakumbe. Pamene alire, ndiika mwala."

Paulina anatenga makina aja. Anayamba pafupi ndi dzenje, akuyendetsa pang'onopang'ono. Panali zii. Anadutsa mzere umodzi, wachiwiri. Bambo ake anayamba kupuma bwino.

Kabokosi kanalira. Kulira kwake kunali komwe kuja kwa m'mawa.

"Kamphika kaja," anatero a Caetano msangamsanga, n'kuikapo mwala.

Paulina anapitirira. Sanayende patali, kanaliranso. Mwala wina. Anasunthira cha kumadzulo, kumene kachewere ankabereka kwambiri, ndipo kanalira, kenaka kanaliranso. Atatembenuka, anaona kuti miyala ija sinamwazikane ngati zinthu zotayika. Inali mumzere wowongoka, motalikirana mofanana, ngati anthu ogona pamphasa imodzi.

A Caetano anali ataima pakati pa munda wawo, mwala wina uli m'manja, osauika pansi.

A Josefina anadzuka, akutsamira pamwala waukulu uja, n'kuyang'ana mzerewo mpaka kumene unkalowera.

"Zimitsa, mwanawe," anatero. "Si ine ndekha m'mudzi muno amene ndimafunsa alendo pamsika."